Ndisiye uphunzitsi kuti ndizingopanga zaluso za chilengedwe?

Funso ili lachokera kwa mphunzitsi wina wachitsikana wa kupulayimale, ndalifupikitsa pang'ono: "Ndimaphunzitsa Expressive Arts koma mtima wanga uli pa zosema ndi zoumba. Ndimatola zitsekerero za mabotolo, mawaya, nsungwi ndi miyala n'kumapanga zinthu zikuluzikulu zoimika panja zokamba za chilengedwe. Koma sukulu ikundidyera nthawi yonse. Ndisiye ntchito kuti ndizingopanga zimenezi? Alipo amene zinamuyendera ndi ntchito yotereyi?"

Achemwali, musasiye, makamaka panopa ayi. Ndipo sikuti ndikungokuopsezani ndi njala, ngakhale njalayo iliko ndithu ndipo tikambapo, koma chifukwa chachikulu n'chakuti luso la mtundu umene mwasankhawu limachedwa kupsa, limafuna manja ambiri komanso malo amodzi oti munthu akhazikikepo n'kuwadziwa bwinobwino, ndipo zitatu zonsezi sukulu ikukupatsani kale ngakhale panopa mukuiona ngati mdani.

Mwafunsa ngati alipo amene zinamuyendera, ndiye ndikuuzeni za a El Anatsui, katswiri wa zosema wa ku Ghana, chifukwa kwa ine palibenso wina amene moyo wake ukuyankha funso lanu mwachindunji kuposa iwowa. Anabadwa mu 1944 ku Anyako m'dziko la Ghana, zaluso anaphunzira ku Kumasi, ndipo atamaliza anawonjezeranso maphunziro a kaphunzitsidwe ka zaluso, ndiye kuti uphunzitsi sanaugwere mwangozi. Anayamba kuphunzitsa ku Winneba komweko ku Ghana, kenako mu 1975 anasamukira ku University of Nigeria ku Nsukka, tauni imene siili pafupi ndi misika ikuluikulu ya zaluso ngakhale pang'ono, ndipo anaphunzitsa kumeneko mpaka 2011. Werengani nokha, ndi zaka 36 zimenezo munthu ali ndi kalasi, akuchonga ntchito za ophunzira, akukhala nawo pamisonkhano ya aphunzitsi ngati wina aliyense.

M'zaka zonsezo ankapanga chiyani? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri. Ali ku Ghana anayamba ndi mbale zamatabwa zimene amayi amayalapo malonda pamsika, iye n'kumaziwotcha ndi chitsulo chamoto kulembapo zizindikiro zamakolo za kwawoko zotchedwa adinkra. Atafika ku Nsukka analowa ku dongo, n'kumaumba zinthu zooneka ngati miphika yosweka yolumikizidwanso, chifukwa phale silitha ntchito mphika ukasweka, limagwirabe zina pakhomo ndi pamiyambo. Kenako anatenga sowo ya injini n'kumang'amba nayo matabwa ndi kuwawaula ndi moto, ndipo mu 1992, chaka cha msonkhano waukulu wa za chilengedwe wa ku Rio de Janeiro, anakasema ku Brazil chinthu chachitali chamtengo chotchedwa Erosion, chokamba za kukokoloka kwa nthaka komanso kwa chikhalidwe. Anagwiritsaponso ntchito malata akutha opalira chinangwa ndi zivindikiro za zitini za mkaka. Zitsekerero za mabotolo a mowa zimene dziko lonse likuwadziwa nazo lero anazipeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, thumba lotayidwa patchire, iwo ali ndi zaka zopitirira 50. Ndipo sanathamangire kupanga nazo kanthu tsiku lomwelo, zinakhala kaye mu situdiyo mpaka nzeru inabwera.

Nzeru yakeyo ndi yosavuta kuifotokoza koma ndi yolemetsa kuichita. Chitsekerero cha aluminiyamu chija amachidula, kuchiwongola kuti chikhale chaphwatalala, china kuchipinda ngati kabokosi, china kungotenga kamphete kake kam'munsi kaja, kenako kuboola timabowo m'mbali n'kumalumikiza chimodzi ndi chinzake ndi kawaya ka kopa, kupotokola ndi pulayazi, kamodzikamodzi choncho mpaka tizidutswa masauzande ambirimbiri tasanduka chinsalu chachitsulo chimene chimapindika ndi kugwa makwinya ngati nsalu yeniyeni. Munthu mmodzi sangathe, ndiye amagwira ndi anyamata ambiri a m'deralo, aliyense amaluka kachigawo kake, zigawozo n'kuziyala pansi, mwiniwake akuzungulira, ichi chisunthireni uko, chofiira chija chibwere pakati, mpaka maso ake akhutire. Mu 2007 chinsalu chotere chinaphimba khoma lakutsogolo la Palazzo Fortuny, nyumba yaikulu yakale mumzinda wa Venice ku Italy, ndipo kuyambira pamenepo dzina lawo linamveka ponseponse. Mu 2015 analandira mphoto ya Golden Lion ya ntchito ya moyo wonse komweko ku Venice, mu 2023 anadzaza ndi zaluso zawo holo yaikulu ya Tate Modern, nyumba yoonetseramo zaluso ku London. Ndiye taonani, kutchuka kwenikweni kunabwera ali ndi zaka zopitirira 60, ndipo chimene chinawasunga zaka zonse zoyesayesa zija, zimene palibe amene ankagula zinthu zawo pamtengo wa lerowu, anali malipiro a uphunzitsi.

Chinanso chimene anthu amachiphonya pa a Anatsui n'chakuti zitsekererozo si zinyalala chabe zimene anangozipeza zaulere. Ndi za mowa, ndipo mowa unali m'gulu la katundu amene azungu ankabwera naye kugombe la kumadzulo kwa Africa kudzasinthanitsa, mpaka ndi anthu amene ankatengedwa ukapolo kukalima nzimbe kutsidya la nyanja, nzimbe zomwezo n'kupanganso mowa wina. Ndiye chinthu chikunyezimira ngati golide pakhoma koma mkati mwake muli mbiri yowawa ya dera lakelo. Inuyo zitsekerero zanu zikunena chiyani za kumene mukukhalako? Funso limeneli musalithawe. Ine zimandipweteka ndikaona achinyamata aluso ndithu akungokopera chinsalu cha a Anatsui chifukwa anachiona pa intaneti, pamene pakhomo pawo pali nkhani yawoyawo imene palibe waigwira, matumba akutha a feteleza, zidutswa za njerwa zootcha zimene zamaliza mitengo m'mbali mwa mitsinje, maukonde a udzudzu amene akuphera nsomba kunyanja, majumbo opyapyala amene boma linaletsa koma akadali mbwee m'ngalande. Chilichonse mwa zimenezi munthu wa pamudzi akachiona pa chosema chanu sadzafuna womumasulira.

Tsono muyenera kudziwa kuti ntchito imeneyi ili ndi njira zingapo ndipo si onse amatola zotayidwa. Andy Goldsworthy wa ku Britain amalowa m'tchire chimanjamanja, n'kusanja masamba, miyala, timitengo kapena madzi oundana pamalo pomwepo, chinthucho mphepo kapena madzi zimachitenga mwina tsiku lomwelo, chotsala ndi chithunzi basi. Agnes Denes mu 1982 analima tirigu maekala awiri pamalo otayirapo zinyalala kumunsi kwa Manhattan ku New York, pafupi ndi Wall Street, pamalo odula kwambiri, n'kukolola ndithu, kuti anthu adzifunse kuti chofunika n'chiyani pakati pa ndalama ndi chakudya, ndipo pambuyo pake ku Finland anapanga phiri lodzalidwa mitengo 11,000. Joseph Beuys, amenenso anali mphunzitsi wa zosema ku Düsseldorf, anayambitsa mu 1982 ntchito yodzala mitengo 7,000 mumzinda wa Kassel ku Germany, mtengo uliwonse ndi mwala wake woimika pambali, ndipo mtengo womaliza unadzalidwa mu 1987 iye atamwalira kale chaka cham'mbuyo mwake. Mwa anthu onsewa ine amene ndimaona kuti njira yawo ingamere bwino pasukulu ya kumudzi ndi a Denes ndi a Beuys, chifukwa chosema chawo cha mitengo chija chimakula, sichitha.

Apa ndiye pakubwera nkhani ya ndalama. Chiboliboli cha njovu kapena mpando wachifumu mlendo amagula n'kuika m'chikwama, koma chinthu chotalika mamita atatu choimika padambo adzagula ndani, adzanyamula bwanji? Ndalama ya luso limeneli simabwera tsiku ndi tsiku ngati ya pamsika, imabwera mwa apo ndi apo, mwina hotela kapena loji yakupatsani ntchito yokongoletsa pabwalo, mwina bungwe la za chilengedwe likufuna chinthu cha pa tsiku lodzala mitengo, mwina chikondwerero chakuitanani, mwina mwapeza mwayi woitanidwa kunja kukakhala milungu ingapo mukupanga zaluso iwo akulipira zonse. Pakati pa ntchito ziwiri zoterezi pamatha kudutsa miyezi yambiri kuli zii, lendi ikudikira. Munthu wopanda malipiro amafika pomavomera chilichonse, wabungwe akati tipangireni nsomba yapulasitiki yokhala ndi dzina lathu pamimba amapanga, winanso akati chimodzimodzi amapanga, pakutha zaka zisanu wasanduka wopanga zikwangwani, maganizo ake aja anathera panjira. Malipiro anu ngakhale ndi ochepa, ndipo ndikudziwa kuti ndi ochepadi, amakupatsani mphamvu yokana, ndipo waluso amene sangathe kukana ntchito sakula.

Mukuti sukulu ikukudyerani nthawi. Zoona, kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo, masikimu, kuchonga, munthu umafika kunyumba utatheratu. Koma pamene mukuvutikira ndi poti mwaika zinthu ziwirizi m'madengu osiyana, masana uphunzitsi, Loweruka zaluso, ndiye chilichonse chikuoneka ngati chikubera chinzake. Bwanji osatenga chigwembe chimene chikudya bwalo la sukulu yanu, chifukwa sukulu zambiri zili nacho, n'kuchisandutsa ntchito ya chaka chonse? Ana a sitandade 6 ndi 7 ayeze pamene madzi amadutsa mvula ikagwa, ajambule, aumbe kachitsanzo ndi dongo, kenako musanje miyala mokhotakhota modula liwiro la madzi, mudzale udzu wa vetiva motsata mizere imene mwajambula limodzi, nsungwi kumunsi, pakati muimike chinthu chimodzi chachitali choti munthu akachiona patali afune kuyandikira. Pamenepo mwaphunzitsa kujambula, kuumba, kuyeza, za nthaka, ndipo inuyo mwapanga chosema chanu chachikulu kuposa chimene mukanatha nokha kuseri kwa nyumba. Mvula yachiwiri ikadzagwa vetiva atagwira, chinthucho chidzakhala chokongola kuposa tsiku limene munamaliza.

Koma pa ana ndikuchenjezeni mwamphamvu, chifukwa apa ena amalakwa. Ana si aganyu anu. A Anatsui amene amawathandiza ndi akuluakulu ndipo ndi ntchito yolipidwa. Chimene mwapanga ndi ana a sukulu ndi cha sukulu ndi anawo, maina awo kapena kalasi yawo ilembedwe, ndipo ngati patuluka ndalama ahedi ndi komiti ya sukulu adziwe kuyambira pachiyambi. Zanu zogulitsa pangani panokha kapena lembani anyamata muwalipire. Komanso mwana asatole mabatire akutha, majekeseni, mabotolo a mankhwala a m'munda kapena magalasi osweka, malata adzimbiri agwire ndinu mutavala magolovesi chifukwa kafumbata sachita masewera, ndipo zotolazo zitsukidwe ndi sopo zisanalowe m'kalasi.

Ndipo poti mukuti zaluso zanu ndi zokamba za chilengedwe, zisamawonongenso chilengedwecho. Ndaonapo anthu akusungunula mapulasitiki pamoto wa makala kuti aumbe chinthu chophunzitsa anthu kusamala dziko, utsi wakuda uli tolotolo, iwo akupuma momwemo. Musamatero, utsi umenewo ndi poizoni, pulasitiki muzimudula, kumuluka kapena kumusoka. Dziwaninso kuti botolo lapulasitiki likakhala padzuwa lathuli nthawi yaitali limauma n'kuyamba kufumbutuka tizidutswa, ndiye chosema chanu chija chimasanduka zinyalala zoipa kuposa poyamba chifukwa tizidutswato simungatitolenso, timalowa m'nthaka ndi m'madzi. Choncho musanaimike chinthu dziwani tsiku lodzachichotsa ndi kumene chidzapite. Mtengo wauwisi wa mlombwa, mbawa kapena phingo musadule chifukwa cha luso, gwiritsani ntchito wogwa wokha, zitsa, kapena matabwa akutha, ndipo mwendo uliwonse wamtengo usakhudze dothi mwachindunji, ukhale pamwala kapena pasimenti, apo ayi chiswe chimaliza nyengo imodzi. Chachitsulo nacho chili ndi adani ake awiri, dzimbiri ndi ogula zitsulo zakutha, ndiye chizikeni mozama mu konkire ndipo anthu ozungulira achione kuti ndi chawo, chifukwa mlonda weniweni wa chinthu choima panja ndi anthu a pamalopo. Ichi n'chifukwa chake simuyamba kukumba musanakhale pansi ndi amfumu, kapena akhonsolo ngati ndi m'tauni, n'kufotokoza chimene mukufuna kuimika. Chinthu chachilendo chongotulukira m'mawa pamphambano anthu amachimasulira mwawomwawo, ndipo mukudziwa nokha kumene kumasulirako kungafike.

Zithunzi. Ichi ndiye chuma chanu chenicheni ndipo ambiri amachitenga mopepuka. Ntchito yotereyi siyenda, amene angakuitaneni ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja sadzabwera kusukulu kwanu kudzaona, adzaona chithunzi. Foni yabwinobwino ikukwanira, koma jambulani m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litapendeka kuti mithunzi ionetse maonekedwe a chinthucho, osati masana dzuwa lili paliwombo. Chimodzi chapatali choonetsa malo onse, chimodzi pali munthu pambali kuti kukula kwake kudziwike, zingapo zapafupi zoonetsa mmene mwalumikizira, ndipo mubwererenso pakatha miyezi kudzajambula mmene mvula ndi dzuwa zachisinthira. Lembani dzina la ntchitoyo, chaka, malo, zipangizo ndi miyezo, musunge malo awiri osiyana chifukwa foni imabedwa. Nkhope za ana musamaziike pa Facebook popanda chilolezo cha makolo ndi sukulu.

Za kuwonjezera maphunziro, ngati mwayi ulipo wokachita zaluso ku University of Malawi ku Zomba pitani, pepala limatsegula zitseko zina makamaka ngati mukufuna kudzaphunzitsa kusekondale kapena kukoleji. Koma manja saphunzira m'kalasi mokha. Pezani wowotcherera zitsulo wa patauni panu akuphunzitseni pa holide, pezani agogo oluka nkhokwe ndi mphasa akuonetseni mmene nsungwi imang'ambidwira ndi kupindidwa osathyoka, chifukwa nkhokwe yabwino ndi chinthu chachikulu choima panja chopirira mphepo ndi mvula, ndipo luso limenelo likutha anthu akungoyang'ana. Mukapeza mpata kafikeni ku Mua ku Dedza, ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone mmene osema amaphunzirana okhaokha pamalo amodzi kwa zaka zambiri. Ku Zimbabwe nako mudzi wa osema miyala wa Tengenenge, umene Tom Blomefield anayambitsa mu 1966, ambiri mwa oyamba ake anali ogwira ntchito m'minda ya fodya ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, anthu oti sanapite kusukulu ya zaluso koma anali ndi mwala pafupi, nthawi, ndi anzawo oonera.

Nanga kusiya ntchito n'kosatheka mpaka kalekale? Ayi, nthawi yake ikhoza kufika, ndipo mudzaizindikira ndi zinthu zooneka osati ndi kutopa kwa teremu yachitatu. Ngati kwa zaka ziwiri zotsatizana ndalama ya zaluso ikufanana kapena kuposa malipiro anu, ngati mwayamba kukana ntchito zabwino chifukwa chosowa nthawi osati chifukwa chosowa zipangizo, ngati muli ndi malo anuanu ogwirira ntchito ndi kandalama kosunga koti mungadye miyezi isanu ndi umodzi popanda oda, pamenepo tikhoza kukambanso. Ngakhale pamenepo yambani mwafunsa kaye ngati n'zotheka kutenga tchuthi chosalipidwa musanalembe kalata yosiyiratu, chifukwa kubwereranso pa ntchito ya boma mutatuluka si chinthu chapafupi.

Panopa chitani izi. Sankhani chipangizo chimodzi chokha, chimodzi basi, chimene chili chambiri kwanuko ndipo chili ndi nkhani, mukhale nacho chaka chathunthu osadumphira china, muchidule, muchipinde, muchinyike m'madzi, muchisiye padzuwa, mpaka mudziwe zimene chimalola ndi zimene chimakana. Patulani masana awiri pa sabata amene ndi a ntchito imeneyi ndipo apabanja adziwe kuti nthawi imeneyo simupezeka. Pa oda iliyonse, ngakhale ya mnzanu, lembani pepala la mgwirizano, theka la ndalama lilipidwe musanayambe, ndipo mulembemo amene adzalipire thiransipoti, simenti ndi kukonzanso chikawonongeka. Ndipo teremu ikubwerayi kalankhuleni ndi ahedi za chigwembe chija mvula isanayambe, chifukwa vetiva amafuna kudzalidwa nthaka ikangonyowa ndipo miyala iyenera kukhala itasanjidwa kale.